Yambira ku Khoma

Hita yafa atambala asanalire,
mphepo ya Julayi ikulowa pansi pa chitseko
ngati mwininyumba wofuna lendi, osagogoda.
Kuno ku Kabwata, pa nsanjika yachitatu,
simenti imazizira mpaka m'mano.

Penjani wagona chopinda mawondo,
chifuwa chake chikuliza kamluzu.
Mbaula ili pakhonde, makala alipo theka la thumba,
koma a nesi a ku Chilenje anandiloza chala:
mwana wa mphumu ndi utsi sagona chipinda chimodzi.

Poyamba ndatukwana a magetsi, monga timachitira tonse.
Koma babu la m'bafa likuyaka,
mita ikuphethira, mayuniti khumi ndi anayi.
Ndapepesa chamumtima. Lero si iwo.

Lameki ankati, yambira ku khoma,
usathamangire kung'amba mimba ya chinthu
usanafunse amene amachidyetsa.
Ankanena atakhala pa mpando uwu,
tesita ataipana kukhutu ngati ndudu,
zaka zija asanapite ku Solwezi
kukayatsa nyumba za anthu ena
n'kuiwala basi yobwerera.

Ndazula hita, ndalumikiza ketulo.
Ketulo yayamba kung'ung'udza.
Khoma lilibe mlandu.

Sikuludiraiva anapita nayo.
Mpeni wopakira majarini ndiwo wamasula pulagi,
kasikulu kamodzi kagubuduka kulowa kunsi kwa kabati,
ndakafunafuna chogwada, tochi ya foni ili kukamwa.
M'katimo mawaya atatu, wofiirira, wabuluu, wamizere,
ali phee ngati ana amene aswa mbale.
Fyuzi ndaitembenuza pa kuwala, siulula kanthu.
Ndabwereka ya mu nsimbi yositira.
Ndadina swichi.
Zii.

Ndakhala pansi n'kuyamba masamu.
Yatsopano ku Kamwala sindingaifike,
malipiro akadali kutsidya kwa masiku khumi ndi awiri.
A Zimba a pamsika amakonza, inde,
koma amatsegula dzuwa litakwera
ndipo asanagwire chinthu amayamba apukusa mutu,
mtengo n'kumakwera ndi kupukusako.

Kenako chala chayenda chokha pa chingwe
monga ndimapapasira msana wa mwana
pofuna pamene pakuwawa.
Pa mwendo wa bedi, apo!
Chingwe chaphwanyika, chada,
chikununkha tsitsi lowauka.
Bedi lomwe ndinakankha Loweruka pokolopa
lakhala likuchitafuna masiku anayi.
Wolakwa ndamupeza.
Wavala chitenje changa.

Ndadula povulalapo, ndasenda ndi lezala,
ndapota timawaya tamkuwa ngati ulusi wolowa m'singano.
Wofiirira kumanja, kumene kuli fyuzi,
wofiirira kumanja,
ndabwereza pakamwa ngati pemphero
poti dzanja likunjenjemera,
kaya ndi mphepo, kaya ndi mantha, sindinalifunse.
Chingwe chafupika tsopano,
hita yasendera kufupi ndi khoma lake.

Ndadinanso.
Palibe. Ndawerenga mpaka zisanu ndi ziwiri.
Kenako kafungo ka fumbi lopsa,
kenako ti, ti, ti, chitsulo chikudziwongola,
ndipo cham'munsi chayamba kufiira
ngati khala limene munthu akulipemerera.
Cham'mwamba chakana.
Icho chinafa chaka chatha, ndinangoiwala.

Theka la moto ndi moto ndithu.
Penjani watambasula mwendo umodzi,
bulangeti latsetsereka, kamluzu katsika.
Ndaika manja anga onse awiri patsogolo pa kufiirako,
chala chimodzi chikutuluka magazi pang'ono,
lezala inandipatsa moni osandiuza.

Kunja minibasi yoyamba ikuitana a m'tauni.
Fyuzi ya nsimbi ndiyenera kubweza isanakwane sikisi,
yunifolomu ya sukulu ikudikira pa mpando, makwinya okhaokha,
ndipo sindikudziwa ngati fyuzi yakale ija ili moyo.
Tiona kukacha.

Mpeni ndaupukuta pa chitenje,
sindinaubweze kukhitchini.
Ndauika m'dirowa ya pamwamba
momwe munkakhala tesita.